Asanakukweze mumtengo, amayamba akuona uli pansi

Mvula yoyamba ikayandikira, mafoni a anthu odula mitengo sapuma. Ku Namiwawa ndi ku Sunnyside mu Blantyre, ku Area 10 ndi ku Area 43 mu Lilongwe, ngakhalenso m'misewu yakale ya Zomba, eninyumba amayamba kuyang'ana m'mwamba ndi nkhawa. Bulugamu amene anabzalidwa kuseri kwa nyumba zaka 40 zapitazo wapitirira denga kutalitali. Jakaranda watambalala mpaka kukhudza mawaya a ESCOM. Mbawa wa pageti wayamba kuuma mbali imodzi. Amene anaona zimene anachita namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 safunanso kugona pansi pa mtengo umene akuukayikira. Nyengo imeneyi timagulu ta anthu anayi kapena asanu, tonyamula makina ochekera, zingwe ndi zikwanje, timaoneka m'makwalala ambiri, ndipo nthawi zambiri m'kagulu kotere mumakhala munthu mmodzi watsopano.

Watsopanoyo ndiye mwini nkhani ino. Kawirikawiri amakhala wachinyamata amene msuweni kapena mnzake wa kutchalitchi wamupezera malo. Amagona akulingalira mmene adzaonetsere kuti ali ndi mphamvu, kuti saopa kutalika, kuti makina akhoza kuwagwira ngati wina aliyense. Koma amene akhalitsa pa ntchitoyi maso awo amakhala pa zina. Wokwera mitengo ali ndi funso limodzi mumtima: ine ndikakhala pamwamba, makina akulira m'manja, munthu uyu ali pansi atagwira chingwe, kodi mtima wanga ukhala m'malo? Chilichonse chimene mlendo angachite sabata yoyamba, kuyambira nthawi yofikira mpaka kaunjikidwe ka nthambi, anzake amachiwerenga ngati yankho la funso limenelo.

Ntchito yosakhululuka

Pa ntchito zina munthu ukalakwitsa umafufuta n'kuyambiranso. Mtengo ukayamba kugwa subwereranso pa chitsa. Bungwe loona za apantchito padziko lonse la ILO, limene mu 1998 linatulutsa ndondomeko ya chitetezo cha ogwira ntchito m'nkhalango, limati iyi ndi imodzi mwa ntchito zoopsa kwambiri, ndipo zifukwa zake n'zosabisika.

Mtengo wauwisi umalemera kuposa mmene umaonekera. Chipika cha bulugamu wongodulidwa kumene, chotalika mita imodzi ndi chonenepa masentimita 40 kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, chimaposa makilogalamu 100, kulemera kwa matumba awiri a chimanga ndi kapamwamba. Chikagwa kuchokera pamsinkhu wa denga, chisoti sichingapulumutse munthu. Tcheni cha makina ochekera, amene ambiri amangowatchula kuti chainsaw, chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi, ndipo sichisiyanitsa khungwa ndi mwendo. Phokoso la makinawo limaposa madesibelo 100, pamene a zaumoyo amachenjeza kuti kukhalitsa pa phokoso loposa 85 kumagonthetsa makutu pang'onopang'ono. Onjezanipo njuchi ndi mavu a m'mphako, nthambi zouma zimene zimathothoka zokha mtengo ukagwedezeka, mphepo yosintha mwadzidzidzi ndi mawaya a magetsi.

N'chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi amaoneka ouma mtima kwa mlendo. Amamukalipira pa zinthu zooneka zazing'ono: waima pakati pa mtengo ndi khoma, waponda chingwe, wafika kumbuyo kwa munthu amene akucheka. Wosamvetsa amakhumudwa n'kumati akumuzonda. Womvetsa amadziwa kuti akulu amenewa anaonapo zimene zimatsatira tinthu toteroto, ndipo sakufuna kukaziona pa iye.

M'mawa wa tsiku loyamba

Akapitawo akati tinyamuka 6 koloko, ndiye kuti pofika 6 koloko katundu akhale ali m'galimoto. Ntchito ya mitengo imakonda m'mamawa, mphepo isanadzuke, dzuwa lisanalase. Wofika msanga amapindula kawiri: amaonetsa kuti ndi wodalirika, komanso pokweza katundu m'pamene amadziwira chida chilichonse, dzina lake ndi malo ake. Madzulo akati tupa ali kuti, iye adzadziwa kuti anali m'thumba liti.

Kavalidwe kamayankhula munthu asanatsegule pakamwa. Wobwera atavala mapatapata ndi kabudula wauza gulu lonse kuti sakudziwa kumene wabwera. Pamafunika nsapato zolimba zophimba akakolo, buluku lalitali la nsalu yokhuthala, malaya osakupizakupiza amene sangakodwe m'nthambi. Abwere atadya, atanyamula botolo lake la madzi, mutu uli bwinobwino. Matsire sabisika, ndipo palibe amene angapereke chingwe kwa munthu wonunkha mowa wa dzulo kapena wosuta chamba.

Moni apereke kwa aliyense, osati kwa bwana yekha. Akapitawo ndi akapitawo, wamkulu ndi madala kapena akulu, winayo ndi achimwene kapena achemwali, ngakhale atakhala wocheperapo zaka. Pa ntchito imeneyi ukulu umawerengedwa ndi mitengo imene munthu wagwetsa bwinobwino. Maina a onse awasunge tsiku lomwelo, pakuti tsiku lina adzafunika kufuula dzina la munthu amene nthambi ikumulunjika, ndipo mawu oti "inu apo" satembenuza munthu msanga.

Kenako limabwera funso limene ambiri amagwa nalo: "Makinawa munawagwirapo?" Amene sanawagwirepo anene choncho. Amene anachekapo nkhuni zogona pansi koma sanagwetsepo mtengo woima anenenso momwemo. Bodza la pamenepa silichedwa kuululika, chifukwa kalizidwe kokha ka makina kamasonyeza amene amawadziwa. Wodziwa amawaika pansi, n'kutseka buleki ya tcheni, n'kuponda chogwirira cha kumbuyo, dzanja lamanzere litagwira cha kutsogolo, kenako n'kukoka chingwe. Wonama amawaliza ali m'malere. Kapitawo akhoza kuphunzitsa munthu wosadziwa, koma munthu amene wanama kamodzi amakayikiridwa pa chilichonse chimene anganene pambuyo pake, ngakhale atati mfundo ya chingwe yamangidwa bwino. Safunsa anadya phula, koma kufunsanso kuli ndi nthawi yake: makina akazima, pa nthawi yopuma, osati mnzako ali pakati pa mcheko.

Kukoka nthambi

Palibe kapitawo wanzeru amene amakweza mlendo mumtengo sabata yoyamba. Ntchito yoyamba ndi kukoka nthambi, ndipo ambiri amaiona ngati yonyozeka. Komatu apa m'pamene munthu amadziwikira. Wina amangonyamula nthambi n'kukaziponya paliponse, mulu wake n'kupiringizana moti pokweza m'galimoto anthu amatopa kawiri. Wina amaziyala zonse matsinde akuloza kumene galimoto idzaime, zipika padera, zankhuni padera, masamba padera, njira yodutsamo ili yoyera. Wachiwiriyu sanayankhule kanthu, koma gulu lonse laona kuti amaganizira munthu amene adzagwire pambuyo pake.

Pansi pa mtengo umene uli ndi munthu pamwamba salowapo mwachisawawa. Gulu lililonse lili ndi mawu ake ochenjezerana. Wa pamwamba akafuula kuti "Pansi apo!" amadikira kumva "Gwetsani, palibe munthu!" asanamalize kucheka. Wa pansi akafuna kukatenga nthambi amayamba wayang'ana m'mwamba, n'kuitana, n'kudikira kuti makina azime kapena wokwerayo amukodole. Kungoganiza kuti wandiona ndiko kumabweretsa maliro. Ndipo maso a wa pansi sakhala pa mtengo pokha. Makina akangolira ana a m'makomo oyandikana amathamangira kudzaonera, galu amatuluka, wogulitsa masamba amalowa pageti dengu lili pamutu. Wokwera sangaone zonsezi. Amene akuyenera kuziona n'kuimitsa ntchito ndi mlendo yemweyo, ndipo asachite manyazi kufuula.

Chingwe ndi moyo wa mnzako. Sachiponda, sachisiya pafupi ndi petulo, sachikoka pa malata kapena pa miyala yakuthwa. Chingwe chimene wokwera wadzimangirira chimalendewera mpaka pansi, ndipo nthambi zikamagwa zimachikwirira. Wa pansi watcheru amachimasula asanauzidwe, kuti mnzake akafuna kusuntha asapeze chitakodwa. Potsitsa nthambi yolemera pamwamba pa denga kapena pa mpanda, chingwe amachikulunga pa tsinde la mtengo kuti tsindelo ligwire kulemera kwake. Sachikulunga padzanja ngakhale kamodzi, chifukwa nthambi ikalemera kuposa mmene amaganizira imakoka munthu kapena kumuthyola zala. Ndipo nthambi ikangoduka, wogwira chingwe sachiumitsa pomwepo. Amachilola kutsetsereka pang'ono n'kumachigwira mwapang'onopang'ono, popeza kuimitsa katundu mwadzidzidzi kumagwedeza mtengo wonse pamodzi ndi munthu ali pamwambayo. Luso limeneli silibwera tsiku limodzi, koma amene amafunsa kuti akulunge kangati asanayambe amaonetsa kuti akumvetsa kulemera kwa chimene wagwira.

Mfundo zitatu kapena zinayi zokha, monga bowline, clove hitch ndi timber hitch, zimagwira ntchito yambiri ya pansi. Kachidutswa ka chingwe ndi mwendo wa mpando n'zokwanira kuphunzirira kunyumba madzulo. Mlendo amene pofika Lachisanu akumanga mfundo zimene anaonetsedwa Lolemba, osayang'ananso kwa wina, watsegula khomo limene mphamvu zokha sizikanatsegula.

Pogwetsa mtengo wathunthu, lamulo lodziwika kulikonse ndi loti aliyense amene sakucheka aime patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Wochekayo amalambuliratu njira yothawira, yolowera cham'mbali kumbuyo kwa kumene mtengo ugwere. Amadula kamwa kumbali yogwera, n'kucheka kumbuyo, n'kusiya kachigawo kosadula pakati kamene kamawongolera mtengo pogwa. Mlendo akaona zimenezi asamangodabwa. Achotse miyala ndi zitsamba m'njira yothawirayo, asendeze zigubu za mafuta, n'kukaima pamene wauzidwa.

Kusamala zida za eni

Makina amodzi abwino a Stihl kapena Husqvarna ndi chuma chimene mwini gulu anachivutikira, mwinanso ndi ngongole. Injini yake imafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wake wapadera. Makina ambiri a masiku ano amafuna muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo m'malita 5 a petulo, koma ena amafuna oyilo wochulukirapo, choncho mlendo afunse muyezo wa makina amene ali pamalopo. Kuthira petulo wosasakaniza kumapha injini m'mphindi zochepa chabe. Matanki ndi awiri, la mafuta ndi la oyilo wa tcheni, ndipo kuwasokoneza kumaimitsa ntchito ya gulu lonse. Pothira, makina akhale atazima ndi kuzizirako, pakamwa pa tanki papukutidwe kuti utuchi usalowe, ndipo akalizidwe mamita atatu kapena kuposa kuchoka pamene mafuta athiridwira.

Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizipalapala ta mtengo, chobuntha chimatulutsa fumbi losalala. Kukhudza dothi kapena mwala kamodzi kokha kumachibunthitsa. Mitengo ya pakhomo imabisanso misomali, waya woyanikira zovala ndi zitsulo za mpanda zimene khungwa linameza kalekale, choncho mlendo amene waona waya ukulowa mu thunthu anene msanga. Kunola ndi tupa wozungulira, dzino lililonse mofanana ndi linzake, ndi ntchito imene ambiri amaithawa. Wopempha kuti amuphunzitse kunola amapeza aphunzitsi ambiri, ndipo amadzafika pogwira makina akudziwa kale mmene tcheni chimalumira.

Tsiku limenelo likafika, zoyamba kuuzidwa ndi zomwezi kulikonse. Manja onse awiri akhale pa makina, chala chachikulu cha kumanzere chitakoleka chogwirira. Sacheka chinthu chimene chili pamwamba pa phewa. Nsonga ya mpeni wa makinawo, makamaka kumtunda kwake, isakhudze kanthu, chifukwa ikakhudza makina amanjanja n'kubwerera kumaso mwachangu choti munthu sangazinde. Ndipo chinthu chikawonongeka, kaya ndi tupa wothyoka kapena chingwe chimene makina achikhudza, chinenedwe pomwepo. Chingwe chovulala chimene chabwezedwa m'thumba mwakachetechete chidzanyamula munthu mawa.

Pakhomo pa anthu

Ntchito ya m'tauni imagwiridwa pakhomo pa eni, ndipo dzina la gulu limayenda ndi pakamwa pa makasitomala. Mwininyumba sangadziwe ngati mcheko unali waluso, koma adzaona maluwa ake atapondedwa, dimba la mpiru litakwiririka ndi utuchi, geti litasiyidwa pululu. Mlendo aodire, apereke moni kwa amayi ndi abambo a pakhomopo, alemekezenso mlonda ndi wantchito wa m'nyumba. Mango ndi mapeyala a pamalopo ali ndi eni ake. Nkhuni nazonso sangotenga, chifukwa mwina pa mgwirizano wa mtengo wa ntchito zinawerengedwa kale.

Mwininyumba akafunsa kuti, "Nanga uwu mungaudule pa zingati?" yankho la mlendo ndi loti, "Ndiwaitane akapitawo, bwana." Kusiya nambala yako mobisa kuti udzagwire wekha Loweruka pa mtengo wotsika ndi kuba m'munda mwa amene wakulemba, ndipo nkhani zotere zimamveka. Foni ikhale m'thumba. Zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook zidikire ntchito ithe, ndipo nyumba ya munthu sajambula osapempha.

Masana gulu likakhala pansi kudya memo, mlendo asonkhe nawo, atunge madzi, atsuke nawo mbale. Pamenepa m'pamene amamva nkhani za mitengo yovuta imene anzake anakumana nayo, maphunziro amene sangawapeze pena. Amvetsere kwambiri kuposa kuyankhula. Madzulo, aliyense atatopa, amene amatenga chipalo ndi tsache osauzidwa, n'kuchotsa masamba m'ngalande za denga, n'kuwerenga zida asanakwere galimoto, ndi amene dzina lake limabwera m'mutu mwa kapitawo pokonza gulu la mawa.

Kunkhalango ya Chikangawa

Kumapiri a Viphya ntchito ndi yomweyi koma nkhope yake ndi ina. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa paini ndi cholinga chodzadyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe, ndipo m'malo mwake inasanduka gwero la matabwa la dziko lino. Kampani ya Raiply imasamalira gawo lina la nkhalangoyi. Ntchito zofanana zimapezekanso pa phiri la Zomba ndi ku Dedza. Kumeneko wolowa kumene akhoza kuyambira ku nazale, kumene amayi ambiri amagwira, kapena kubzala, kupalira, kudulira, kupatulira ndi kulambula njira zotchinga moto.

Mu Juni ndi Julayi ku Chikangawa kumazizira koopsa, nkhungu n'kuphimba mapiri moti munthu saona mnzake ali pafupi. Malo ambiri ndi otsetsereka, choncho podula chipika munthu amaima kumtunda kwake, ndipo sagwira ntchito kumunsi kwa mnzake. Mtengo umene wadulidwa koma wakodwa pa unzake ndi msampha. Saudutsa pansi, saukwera, sadula umene waugwirawo, ndipo sausiya osauza ena. Popatulira amadula yokhayo imene yaikidwa chizindikiro. Wodula mtengo wabwino chifukwa unali pafupi wawononga zaka zambiri za kudikira, pakuti paini amatenga zaka zoposa 20 kuti afike pochekedwa matabwa.

Pa nyengo yobzala mitengo, imene m'Malawi muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ulesi umabisika mosavuta. Mbande yobzalidwa ndi chubu chake, kapena yopindika mizu m'dzenje losaya, imaoneka bwino tsiku limenelo, koma pakatha miyezi mzere wa munthu aliyense umadziulula wokha. Chilimwe chikafika mdani ndi moto, umene wawononga mbali yaikulu ya Chikangawa m'zaka zapitazi. Kandudu kamodzi kapena moto wosakira mbewa ukhoza kupsereza ntchito ya m'badwo wathunthu. Amene amazimitsiratu moto wophikira ndi dothi, n'kuthamanga pamodzi ndi anzake utsi ukaoneka, amawerengedwa kuti ndi mwana wa nkhalango.

Kudziwa mtengo ndi malamulo ake

Wodula mitengo wabwino amadziwanso kuisunga. Alex Shigo, katswiri wa nthambi ya za nkhalango ya boma la America amene anamwalira mu 2006, anang'amba mitengo masauzande ambiri kuti aone mmene kuola kumayendera mkati mwake. Anapeza kuti mtengo suchiza bala monga limachitira thupi la munthu, koma umatchinga malo ovulalawo kuti kuola kusafalikire. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pali kotupa pang'ono, ndipo chitetezo cha mtengo chili pamenepo. Wodula mopalira thunthu amachotsa chitetezocho. Wosiya chitsa chachitali cha nthambi amasiya khomo la chiswe ndi kuola. Mcheko woyenera umadutsa kunja pang'ono kwa kotupako, ndipo nthambi yolemera imadulidwa katatu: kunsi pang'ono, kenako pamwamba chapatsogolo kuti igwe osasenda khungwa, pomaliza n'kuchotsa katsinde kotsalako. Chizolowezi chodula mutu wonse wa mtengo n'kusiya chipilala chimabala mphukira zambiri zosalimba zimene zimadzathyoka ndi mphepo. Mlendo sangasinthe kagwiridwe ka gulu sabata yoyamba, koma amene amafunsa chifukwa chake mcheko wadutsa apa osati apo amasonyeza kuti wabwera kudzaphunzira ntchito, osati kudzangopha ganyu.

Aphunzirenso maina: mlombwa, mbawa, muwanga, nsangu, kachere, malaina, kesha. Mitengo ina ili ndi malamulo. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, sililola kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'chilengedwe chifukwa cha macheka a anthu ofuna ndalama ya msanga. Kumudzi mtengo wa kumanda sakhudza mfumu isanalole, ndipo wa m'malire umafuna kuti eni mbali zonse agwirizane. Wachinyamata amene wauzidwa kuti akacheke usiku m'nkhalango ya boma adziwe kuti pogwidwa, unyolo udzamanga dzanja limene lagwira makina.

Ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja

Amalawi ambiri amene ali ku South Africa amagwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi m'magulu odula mitengo. Johannesburg ndi mzinda wa mitengo mamiliyoni yobzalidwa ndi anthu chiyambireni migodi ya golide mu 1886, ndipo yambiri yakalamba. Mu 2017 ku Pietermaritzburg kunapezeka kachilombo kofukula mitengo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kamene kafalikira m'mizinda yambiri ya dzikolo. Kamayenda ndi nkhuni, choncho wantchito amene wanyamula zipika za mtengo wodwala kupita nazo kumene amakhala wanyamulanso matendawo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi ya khonsolo, ndipo saidula popanda chilolezo. Mlendo wa kumeneko ali ndi ntchito inanso: kuphunzira msanga mawu ochenjezerana m'chiyankhulo chimene gulu limagwiritsa ntchito, kaya Chingerezi kapena Chizulu, ndi kunena poyera ngati sanamve.

Ku Britain ntchitoyi ili ndi makwerero olembedwa. Munthu amayamba ndi ntchito ya pansi, n'kulemba mayeso a City & Guilds NPTC a kasamalidwe ka makina ndi kudula zipika, kenako a kugwetsa mitengo ing'onoing'ono, kenako a kukwera ndi kupulumutsa mnzake pamwamba, pomaliza a kucheka ali pa chingwe. Zingwe ndi malamba okwerera zimayenera kupimidwa ndi katswiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo wokwera sayenera kugwira ntchito popanda wina pansi amene angathe kukwera n'kumutsitsa atavulala. Kuno tilibe ndondomeko yotere pa gulu lililonse, ngakhale maphunziro a za nkhalango alipo ku koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, ku yunivesite ya Mzuzu ndi ku Bunda. Koma mfundo yake ndi yathu yomwe: munthu wa pansi ndiye mpulumutsi woyamba. Mlendo afunse m'mawa uliwonse kuti bokosi la chithandizo choyamba lili pati, kiyi wa galimoto ali ndi yani, chipatala chapafupi ndi chiti. Bala la makina limataya magazi ambiri, ndipo kulipsinja mwamphamvu ndi nsalu yoyera pomwepo ndiko kumagula nthawi yofikira kuchipatala.

Kudziwa kukana

Pali msampha umene umakola anthu akhama kwambiri. Pofuna kusangalatsa bwana, mlendo amavomera chilichonse: kukwera popanda lamba, kucheka ataima pa makwerero, kusadza nthambi imene yayandikira mawaya. Mawaya a m'misewu yathu ena amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000. Magetsi otere amatha kulumpha munthu asanakhudze waya, ndipo mtengo wauwisi umawadutsitsa. Ntchito yotere imadikira a ESCOM kuti azimitse. Kunena kuti, "Akapitawo, izi sindinaphunzire, ndionetseni kaye," kapena, "Pamenepa ine sindikwera mpaka magetsi azimitsidwe," ndi mawu a munthu amene akufuna kukalamba pa ntchitoyi. Kapitawo woona amawalemekeza. Amene angakuchotse ntchito chifukwa cha mawu amenewa wakuchotsa pa malo amene tsiku lina pakanagwa tsoka.

Olemba ntchito nawonso ali ndi mbali yawo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa apantchito la 1997 limaika pa iwo udindo woteteza antchito awo, ndipo lamulo la chipukutamisozi la 2000 limanena za wovulala pa ntchito. Chisoti, zotseka m'makutu, magalasi, magolovesi ndi buluku loletsa tcheni ndi zida za ntchito monga alili makina, ndipo mlendo ali ndi ufulu wozifunsa. Malipiro nawonso akambidwe ntchito isanayambe, mwaulemu koma momveka. Gulu limene limafuna kuti wachinyamata akhale wokhulupirika liyenera kumupatsa chifukwa chokhalira wokhulupirika.

Dziko lino likufuna anthu odziwa mitengo: oti athe kutsitsa bulugamu pakati pa nyumba ziwiri osaswa lata, kudulira mbawa kuti ukhale zaka zina 50, kubzala paini amene adzachekedwe ndi ana awo. Anthu otere amaphunzitsidwa ndi amene anawatsogolera, ndipo akuluakulu a ntchitoyi amapereka nzeru zawo kwa munthu amene aona kuti adzazisunga. Wachinyamata amene akuyamba Lolemba asade nkhawa ndi tsiku limene adzakwere. Asunge nthawi, anene zoona, asamale chingwe cha mnzake ndi zida za eni, ndipo akhale ndi mtima wokana chimene chingaphe munthu. Akatero adzaphunzitsidwa zonse, ndipo pakadzabwera wina watsopano pambuyo pake, adzakhale iye woyamba kumuonetsa poima.